Masewero a Maiko Olankhula Cinenero Cimodzi

Tsiku lina m'kalasi mwathu ku Zóbuè tinkaphunzira kulemba mawu akuti "mendulo". Ndinafotokoza kuti mendulo ndi kacitsulo kobulungira kamene amaveka munthu m'khosi akapambana pa mpikisano. Woyamba amalandira ya golide, waciwiri ya siliva, wacitatu ya mkuwa. Agogo ena, amene amadziwa nthano zambiri kuposa tonsefe, anakweza dzanja. Anati: "Aphunzitsi, kodi mendulozo n'za anthu a miyendo okha? Nanga ife a pakamwa?"

Kalasi yonse inaseka. Ine ndinasowa coyankha, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikafufuza. Amayi ndi abambo, zimene ndinapeza ndi izi. Alipo masewero amene wokamba nthano amalandira mendulo yofanana ndi ya wothamanga. Ndi masewero a maiko olankhula Cifalansa. Dzina lake m'cinenero cawo ndi Jeux de la Francophonie.

Mmene anayambira

Atsamunda atagawana Afirika, aliyense anadzala cinenero cake m'dera limene analanda. Kuno kwathu kunabwera Cipwitikizi, cimene ambiri timangoti Cizungu. Kutsidya kwa malire, ku Mwanza, kunabwera Cingelezi. Kumadzulo ndi pakati pa Afirika kunabwera Cifalansa. Malire amene timadutsa popita kumsika kapena kumaliro anagwirizanidwa ndi Apwitikizi ndi Angelezi m'caka ca 1891. Makolo athu sanafunsidwe.

M'caka ca 1960 maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi França analandira ufulu. Atsamunda anapita, koma cinenero cinatsala m'masukulu, m'makhoti ndi m'maofesi. Atsogoleri ena anaganiza kuti cinenero cimeneci cikhale cingwe comangira ubale. Ena mwa iwo anali Léopold Senghor wa ku Senegal, amenenso anali mlakatuli, Hamani Diori wa ku Níger ndi Habib Bourguiba wa ku Tunísia. Pa 20 Março 1970, mumzinda wa Niamey ku Níger, anakhazikitsa bungwe la maiko olankhula Cifalansa.

Panapita zaka 17. M'caka ca 1987 atsogoleri a maikowa anakumana ku Québec, m'dziko la Canadá. Kumeneko anagwirizana kuti acinyamata awo azikumana pa masewero zaka zinayi zilizonse. Anagwirizananso kuti masewerowa azicitika mosinthana, ulendo uno kudziko lolemera, ulendo wina kudziko losauka. Oyamba anacitika m'mwezi wa Julho 1989 ku Marrocos, m'mizinda ya Casablanca ndi Rabat. Kunabwera magulu ocokera m'maiko pafupifupi 40.

Cacilendo cinali cakuti sanaitane othamanga ndi a mpira okha. Anaitananso oimba, ovina, ojambula ndi osema. M'zaka zotsatira anaonjezera okamba nthano, olemba nkhani zazifupi, ojambula ndi kamera, ndi oyendetsa zidole zazikulu zoposa msinkhu wa munthu. Aliyense amaonekera pamaso pa oweruza. Wopambana amakwera pacikweza n'kuvekedwa mendulo. Kale masewero a Olimpiki nawonso ankapereka mendulo kwa ojambula, olemba ndi opeka nyimbo, kuyambira 1912 mpaka 1948, koma anasiya. A Cifalansa anatola cimene anzawo anataya.

Masewerowa anayenda m'maiko ambiri. Mu 1994 anali ku Paris. Mu 1997 anafika pafupi nafe, ku Antananarivo, pacilumba ca Madagáscar cimene cayang'anizana ndi gombe la dziko lathu. Kenaka anapita ku Ottawa mu 2001, ku Niamey mu 2005, ku Beirute mu 2009, ku Nice mu 2013 ndi ku Abidjan mu 2017.

Ine amene amandisangalatsa kwambiri ndi a ku Niamey. Níger ndi dziko louma, lotentha ngati Tete m'mwezi wa Novembro, ndipo ndi losauka. Koma kumeneko kuli masewero amene anthu amawakonda kuposa mpira: kugwetsana. Amuna awiri amalowa m'bwalo la mcenga, ng'oma zikulira, oimba akuwatama. Amene wagwetsedwa, wagonja. Ndi masewero a kumudzi, a pambuyo pa kukolola. Anyamata athu oweta mbuzi m'mbali mwa Revúbuè amawadziwa bwino, ngakhale palibe amene anawaphunzitsa malamulo ake. Kugwetsana kwa Ciafirikaku kunalowa m'ndandanda wa masewero a Cifalansa. Mwana wa mlimi amene sanaonepo nsapato zothamangira anapeza pomwe angapambanire.

Kinshasa, 2023

Kuitana alendo zikwi zambiri kumadya ndalama. Masewero acisanu ndi cinayi anayenera kucitika mu 2021 ku New Brunswick, cigawo ca dziko la Canadá. Powerengera bwino, anapeza kuti mtengo wakwera kuposa kasanu ndi kawiri. Mu 2019 anakana. Olemera atathawa mtolo, dziko la Congo linausenza. Tsiku linasunthidwa kawiri, cifukwa ca mliri wa Covid-19 ndi kucedwa kwa nchito yomanga. Cigawo ca Québec, kumene maganizo a masewerowa anabadwira, sicinatumize osewera ake. Cinati cikuopa za citetezo ndi za umoyo.

Komabe masewero anacitika, kuyambira pa 28 Julho mpaka pa 6 Agosto 2023. Anthu a ku Kinshasa anadzaza bwalo lalikulu la Stade des Martyrs. Dziko la Marrocos ndilo linatenga mendulo zambiri. Amayi a ku Congo anaonetsa alendo masewero awo ochedwa nzango, amene amadumpha ndi kuponya miyendo akuomba m'manja ndi kuimba. Masewero otsatira anapatsidwa kwa dziko la Arménia, m'caka ca 2027.

Tisaganize kuti ubale wa cinenero ca atsamunda ulibe zilonda. Ku Kinshasa anthu pamsika amalankhula Cilingala, ngakhale mzindawu umawerengedwa kuti ndi wa Cifalansa. Pa mpikisano wa nkhani zolembedwa, wolemba ayenera kulemba m'Cifalansa. Ndipo mu Março 2025 maiko a Níger, Burkina Faso ndi Mali analengeza kuti akutuluka m'bungweli. Níger yemwe uja, amene bungwe linabadwira m'nyumba mwake.

Nanga Moçambique ili pati?

Dziko lathu lili ndi phazi m'mabanja atatu. Ndife a banja la Cipwitikizi, lochedwa CPLP, limene linakhazikitsidwa mu 1996. Mu 1995 tinalowa m'banja la Cingelezi, la Commonwealth, ngakhale Angelezi sanatilamulirepo. Anansi athu onse a pamtunda anali ndi mbiri ya ulamuliro wa Angelezi, ndipo malonda athu ambiri ndi a iwowo. Aliyense amene waonapo mzere wa magalimoto pa malire a Zóbuè akumvetsa zimenezi. Mu 2006 tinalandiridwanso m'banja la Cifalansa, koma ngati oonerera cabe. Woonerera amakhala pamsonkhano n'kumamvetsera, koma saponya voti. Abale athu a ku Cabo Verde, Guiné-Bissau ndi São Tomé e Príncipe, amenenso amalankhula Cipwitikizi, iwo ndi mamembala enieni, pakuti ayandikana ndi maiko a Cifalansa.

Khomo la Cingelezi ndilo linatipatsa cimwemwe msanga. Mu 1998 Moçambique inapita koyamba ku masewero a Commonwealth, ku Kuala Lumpur m'dziko la Malásia. Pa liwiro la amayi la mamita 800, kumene kuli kuzungulira bwalo kawiri, woyamba anali Maria de Lurdes Mutola. Waciwiri anali Tina Paulino, wa kwathu konkuno. Mendulo ya golide ndi ya siliva zinabwerera limodzi ku Maputo.

Nkhani ya Mutola iyenera kukambidwa, cifukwa m'menemo wa pakamwa ndi wa miyendo anakumana. Iye anabadwa mu 1972 ndipo anakulira ku Chamanculo, dera la anthu osauka ku Maputo. Ali mtsikana ankasewera mpira wamiyendo pakati pa anyamata. Amene anaona liwiro lake anali mlakatuli, José Craveirinha, munthu wokonda masewero amene analembanso nkhani za masewero m'nyuzipepala. Iye anamulimbikitsa kuti ayese kuthamanga, ndipo mwana wake Stélio anayamba kumuphunzitsa. Mu 1988, ali ndi zaka 15 zokha, Mutola anathamanga pa Olimpiki ku Seul. Pa 25 Setembro 2000, ku Sydney, anapambana mendulo ya golide ya Olimpiki, yoyamba m'mbiri ya dziko lathu. Tsikulo kunali kale cikondwerero, pakuti ndi tsiku lokumbukira kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu mu 1964.

Masewero a Cipwitikizi

Maiko olankhula Cipwitikizi anacedwa kuyambitsa masewero awo aakulu. Mu 2004 makomiti awo a Olimpiki anapanga bungwe lochedwa ACOLOP. Masewero oyamba, ochedwa Jogos da Lusofonia, anacitika mu Outubro 2006 ku Macau. Macau ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku China, umene Apwitikizi anaulamulira mpaka 1999. Kunali kuthamanga, mpira wamiyendo, basiketi, volebo ndi ena ocepa. Aciwiri anacitika ku Lisboa mu Julho 2009. Mpikisano wa mendulo unali wa masewero a thupi. Wanthano ndi woomba ng'oma analibe pawo.

Acitatu anacitika mu Janeiro 2014 ku Goa, m'dziko la Índia. Mwina wina afunsa kuti, kodi Amwenye akudzatani pa masewero a Cipwitikizi? Apwitikizi analanda Goa mu 1510 ndipo anacotsedwako mu 1961. Ife a ku Tete dzinali siliyenera kukhala lacilendo kwa ife. Mpaka caka ca 1752, Moçambique inkalamulidwa kucokera ku Goa. Amalonda a ku Goa ankakwera mtsinje wa Zambezi ndi nsalu ndi mikanda, n'kumabwerera ndi golide, minyanga ya njovu, ndipo pambuyo pake akapolo. Mmodzi wa iwo, Gonçalo Caetano Pereira, anakhazikika kumpoto kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1700. Zidzukulu zake zinalamulira Macanga ngati mafumu, ndi asilikali awoawo, mpaka 1902. Conco anyamata athu atatsika ndege ku Goa, anali atayenda cobwerera njira yakale ya anthu amene anadzalamulira makolo athu.

Ku Goa timu yathu ya mpira wamiyendo inafika mu ndime yomaliza. Inakumana ndi eni bwalo, ndipo inagonja 3 kwa 2. Anabwera ndi mendulo ya siliva. Koma amene anali ndi maso anaona kuti masewerowa akudwala. Anali atasunthidwa kucokera mu Novembro 2013 cifukwa mabwalo anali asanathe. Dziko la Brasil, limene lili ndi anthu olankhula Cipwitikizi ambiri kuposa ena onse pamodzi, linatumiza anthu owerengeka.

Potseka masewero a ku Goa, mbendera inaperekedwa kwa Moçambique. Acinayi anayenera kucitika ku Maputo mu 2017. Mabwalo analipo kale. Mu Setembro 2011 dziko lathu linalandira masewero a Afirika yonse, mzinda wa Lusaka utalephera, ndipo bwalo lalikulu la Zimpeto linali litangomangidwa kumene. Koma 2017 inafika n'kudutsa, alendo osabwera. Zinali zaka zovuta. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zawo, ndipo metikali inagwa mphamvu. Tonse tikukumbukira mmene mtengo wa sopo ndi mafuta unakwerera pamsika wa Moatize. Kuyambira 2014, Jogos da Lusofonia sanacitikenso.

Apa ndinena maganizo anga. Masewero a Cifalansa apirira zaka zoposa 30. A Cipwitikizi anakomoka pa ulendo wacitatu. Zifukwa n'zambiri, ndipo cacikulu ndi ndalama. Koma ndikuganizanso kuti mpikisano wa liwiro ndi mpira wokha umakomera amene ali kale ndi mabwalo ndi aphunzitsi. Mwana wa ku Zóbuè alibe bwalo lothamangira. Ali ndi ng'oma, ali ndi mawu, ali ndi agogo ake. Masewero amene saitana zimenezi amasiya kunja anthu ambiri a dziko. Akafa, owalira amakhala ocepa.

Mpikisano wathu wa mu 1978

Kuika gule pa mpikisano si nzeru ya Afalansa okha. Ife tinayamba iwo asanayambe. Mu 1978, patangotha zaka zitatu cilandirire ufulu, boma linaitanitsa cikondwerero coyamba ca magule a dziko lonse, Festival Nacional de Dança Popular. Mpikisano unayambira pansi. Midzi inapikisana, opambana n'kupita ku boma. Opambana ku maboma anapita ku cigawo. Opambana ku zigawo anakwera ulendo wa ku Maputo. Alimi amene anali asanaonepo nyanja anakavina pamaso pa atsogoleri a dziko. Anthu a kumwera anaona mapiko a ku Cabo Delgado, a kumpoto anamva timbila za ku Zavala. Kumapeto kwa 1980 kunacitikanso cikondwerero cina, ca nyimbo ndi zoimbira za makolo.

Cigawo cathu sicisowa copereka pa mabwalo otere. Anyungwe a kuno ku Moatize ndi m'mbali mwa Zambezi ali ndi nyanga, zitoliro zimene amuna ambiri amaimba mogawana mawu uku akuvina mozungulira. Kuli mafuwe, kuli njole. Angoni a ku Angónia ali ndi ngoma. Amayi ali ndi cimtali. Ndipo pali gule wamkulu.

Gule wamkulu wayenda njira yaminga. Amishoni ankamuletsa, ndipo Mkhristu wopezeka kubwalo ankaimitsidwa mu mpingo. Atsamunda ankamukayikira, cifukwa kudambwe mzungu sankalowako, ndipo zilombo zina zinkamunyoza poyera iye osazindikira. Ngakhale ufulu utabwera, akuluakulu ena ankati miyambo monga cinamwali ndi zinthu za mumdima. Kenaka inadza nkhondo. Ca m'ma 1986 midzi yambiri ya kuno inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Malawi. Othawa kwawo anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Kumeneko sanasowe womasulira, pakuti amene anawalandira ankalankhula ngati iwo ndipo ng'oma zinali zomwezo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, anthu anabwerera, ndipo zilombo zinatulukanso. Za kudambwe sitilemba m'buku. Tingonena zimene aliyense amaona pabwalo.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Caka comweco linalemekezanso timbila za Acopi. Timbila zinalembedwa pa dzina la Moçambique yokha. Gule wamkulu analembedwa pa maina a maiko atatu: Malawi, Moçambique ndi Zâmbia. Panalibe kucitira mwina, cifukwa guleyu sadziwa malire a 1891.

Maiko atatuwa alinso ndi bwalo lawo. Caka ciliconse, Loweruka lomaliza la Agosto, Acewa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zâmbia, pa mwambo wa Kulamba. Amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Likulu lakale la Undi, lochedwa Mano, linali kuno ku cigawo ca Tete, asanasamukire kutsidya m'nthawi ya atsamunda. Mafumu a kuno amapita ndi anthu awo, mphatso zawo ndi magule awo. Mu 2007 atsogoleri atatu anakhala pamodzi pa mwambowu: Armando Guebuza, Bingu wa Mutharika ndi Levy Mwanawasa. M'maofesi mwawo mmodzi ankagwiritsa nchito Cipwitikizi, awiri Cingelezi. Koma anthu amene anadzaza bwalo tsiku limenelo ankamvana popanda zinenero ziwirizi. Ena amati Cinyanja, ena amati Cicewa. Ku Mkaika kulibe oweruza ndipo kulibe mendulo, ngakhale aliyense amabwerera kwawo akudziwa dera limene lavina kuposa anzawo.

Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti anthu amene anayamwira Cipwitikizi m'dziko lathu sakwana 2 mwa 10 alionse. Ena tonse tinaciphunzira kusukulu, ku mgodi wa malasha kapena pamsika, ndipo ambiri sanaciphunzire n'komwe. Masewero a Cipwitikizi akanabwera ku Maputo mu 2017, anthu ambiri a m'kalasi mwathu akanawamvera pa wailesi ya Tete, m'Cinyanja kapena m'Cinyungwe.

Nditamaliza kufotokoza zonsezi, ndinatembenukira kwa agogo aja. Ndinawauza kuti mendulo ya wanthano ilipodi, koma pali zovuta ziwiri. Opikisana amakhala a zaka zapakati pa 18 ndi 35, ndipo ambiri mwa omvera amamva Cifalansa. Agogo anagwedeza mutu. Za zaka sanadandaule, anati ali ndi mdzukulu amene akuphunzira bwino. Cimene cinawavuta n'cina. Anafunsa kuti: "Mwanayo akaima kumeneko n'kunena kuti 'Padangokhala', ndani adzamuyankhe kuti 'Tili tonse'?" Amayi ena kumbuyo anati ngati boma lipereka galimoto, iwo apita kukayankha. Ena anati galimoto imodzi sikwana. Tinatsutsana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo mawu akuti "siliva" tinawalemba tsiku lotsatira.